Kabati wa Masikono

M'kabati uyu kale munkakhala masikono.
Ndinamugula kwa mayi wina pa Santhe,
galasi lakumanzere lili ndi mng'alu kale,
ndi kumuimika pakhonde la shopu yanga yometera
kuti odikira lumo aziona kenakake
kosakhala foni.

Zam'katimu ndachita kukunkha
ngati mtedza m'munda wa eni atakolola.
Mendulo yoyamba ndinaipeza m'khosi mwa mbuzi kwa Kawamba,
ana ataimangirira pa luzi m'malo mwa belu.
Mbale yachitsulo ya msilikali inkayezera nyemba pamsika,
ndipo wogulitsa anandilipiritsa mbale ndi nyemba zomwe.
Chisoti chopinda mbali imodzi, njenjete zitadya theka.
Jombo imodzi.
Inzake palibe akudziwa,
mwina inatsala ku Bama ndi mwendo womwe.

Pansi pa chilichonse ndinaika kapepala,
bolopeni yofiira, zilembo zikuluzikulu:
dzina, nambala ngati ilipo, ndi mawu oti KEYALA.
Loweruka ndimakwecha ndi phulusa ndi ndimu.
Bambo wina wa ku Lilongwe, wa galimoto yoyera,
anayala ndalama patebulo langa mpaka ndinameza malovu.
Ndinakana.
Usiku wake sindinagone, feteleza anali atakweranso.

Koma chomwe ndinkanyadira ndi lamba,
wansalu yolimba ngati ya tenti,
chomangira chake chamkuwa chowala ngati dzino la munthu wolemera.
KOPOLO YOTAMU KACHIWANDA, MSILIKALI WOLIMBA MTIMA.
Ndinalemba kawiri, poyamba dzanja linakhota.

Lachitatu lina, nyengo yosoka fodya,
mayi Velentina anabwera kudzametetsa mdzukulu,
zala zawo zitada ndi utomoni wa m'chigafa.
Anaima pagalasi nthawi yaitali
makina anga akulira m'mutu mwa mwana.
Kenako anati, osanditembenukira:
"Lamba uyu ndikumudziwa.
Osati ndi maso ayi. Ndi msana."

Ndinazimitsa makina.

"Bambo anabwerako ndi mendulo ziwiri, tulo anatisiya komweko.
Mvula ikagunda usiku
ankatikankhira tonse pansi pa nkhokwe,
m'matope, akutukwana m'Chiswahili anthu oti ife sitikuwaona.
Kukacha ankapalira ngati munthu wina aliyense.
Tsiku la mganda ankatsogolera ndi iwo,
mapazi mowongoka, malaya ositidwa, amayi a eni akululutira.
Ife tinkadziwa kuti akabwerako avula lamba.
Amayi anamutaya kudzala tsiku lomwe tinameta maliro.
Nanga inu munamutola kuti?"

Ndinamugula kwa mchimwene wawo,
zikwi ziwiri ndi kumeta kwaulere katatu.
Sindinanene.
Ndinangofunsa ngati ndimuchotse.

"Musiyeni momwemo.
Kuseri kwa galasi ndi kumene akuyenera."

Ndinamaliza mutu wa mwana, mzere wa pachipumi unapendeka.
Analipira osadandaula,
anapukuta tsitsi m'khosi mwa mdzukulu ndi nsonga ya chitenje,
nalowera njira ya kuchigayo.

Madzulo ndinatulutsa kapepala kaja.
Dzina silinandivute, nambala sinandivute.
Koma "wolimba mtima" ndinamuyang'ana mpaka magetsi anathima,
bolopeni ili m'manja,
poti ku Bama ine kunalibe,
pansi pa nkhokwe ija ine panalibe,
ndipo onse awiri, kopolo ndi kamtsikana ka m'matope,
mvula yomwe inkawaopsa inali imodzi.

Mpaka lero kapepalako kali m'thumba la malaya anga,
kachapidwa nawo kamodzi.
Anyamata akafunsa kuti lamba ndi wa yani
ndimati weramitsa mutu, ndingakucheke.
Ali pakati pa jombo ndi mbale ya nyemba,
wodzikulunga ngati mphiri yoothera dzuwa,
ndipo kabati, kukatentha masana,
amanunkhirabe masikono.